Denga Lokhota la Ba Anselimo

Lamulungu lapitali, pa Misa yachiwiri, anatchula dzina la Ba Anselimo pamodzi ndi mayina a ena amene anatisiya, poti chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Wowerengayo analithamangira dzinalo ngati basi ikumusiya. Ine ndinatembenuka uku ndi uku kuti mwina wina agwedezako mutu kapena kuusa moyo. Palibe ndi mmodzi yemwe. Mayi amene anakhala pafupi nane anali kalikiliki kulanda buku la nyimbo m'kamwa mwa mwana wake. Ndiye ndinati chabwino, poti nonse mwaiwala, ndiwakambe ndine, ngakhale kuti m'komboni yathu yonse ya George ino palibe amene anakangana nawo kuposa ine.

Anali mkulu wamtali, woonda, wochokera kuchigawo cha kumpoto, ku Northern, ndipo Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba mpaka tsiku lomwalira. Ankakhala okha m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, pafupi ndi pogulira madzi. Akazi awo anamwalira ine ndisanabwere m'komboni muno. Mwana anali mmodzi, wamkazi, wokwatiwa ku Kitwe, wobwera mwa apo ndi apo. Ntchito yawo inali ya penti. Mukayenda m'komboni mwathu n'kuona chikwangwani chakale cha saluni, mkazi wojambulidwapo ali ndi masaya onenepa, maso ali kumwamba ngati akupemphera, dziwani kuti ndi dzanja lawo limenelo. Eni masaluni ankadandaula kuti akufuna nkhope ya mtsikana wa m'tauni, osati mngelo woluka tsitsi. Iwo ankangoyankha kuti dzanja lawo linaphunzira nkhope imodzi, amene sakuifuna apite kwa ena.

Pakhomo pawo sipankasowa oyera olumala. Anthu ankachokera ku Matero, ku Chawama, ngakhale ku Mtendere, atakulunga m'chitenje Maria woduka dzanja kapena Yosefe wopanda mphuno, atamufukata pa minibasi ngati khanda. Ba Anselimo ankawandandalika pabenchi padzuwa, n'kumawaumba ndi pulasitala pang'onopang'ono, tsiku lonse chala chimodzi. Ukalakwitsa n'kunena kuti chidole, basi ntchito yako yathera pomwepo. Ankati ndi odwala awo. Kuseka sankaseka kawirikawiri. Ukawapatsa moni ankayamba atsinzina diso limodzi n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuyeza khoma, kenako n'kuyankha. M'thumba la ovolosi yawo munkakhala zinthu ziwiri, korona ndi chingwe choyezera, ndipo nthawi zina potulutsa china ankatulutsa chinzake.

Koma ntchito imene iwo ankaiwerengera kuti ndiyo ntchito inali denga la tchalitchi chathu. Tchalitchi chathu si chachikulu. Ndi nyumba yaitali chabe ya malata, mabenchi uku, mabenchi uku, kanjira pakati. Ataika mabolodi kunsi kwa malata kuti kutentha kuchepe, bambo mfumu wa nthawi imeneyo anawalola Ba Anselimo kuti ajambulepo. Anthu inu, mukanaona mmene anaigwirira ntchitoyo. Anatseka mawindo onse ndi masaka a makala, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja. Anamanga zingwe zopingasana kunsi kwa denga ngati ukonde. Pakati pa kanjira anaimika mtengo, pamwamba pake n'kuikapo nyali, kutalika kwake kofika m'maso mwa munthu woimirira. Zithunzithunzi za zingwe zija zikagwera pa mabolodi, iwo ankakwera katawala n'kumazitsata ndi pensulo, khosi lili chagada. Osuzumira pakhomo anafalitsa m'komboni kuti m'tchalitchi mukuchitika zamankhwala. Ntchitoyo inatenga miyezi, ndipo isanathe, bambo mfumu uja anasamutsidwa.

Tsiku limene anachotsa masaka ndi katawala, tinalowa n'kukhala m'malo mwathu mwa masiku onse, amayi kumanzere, abambo kumanja. Tinakweza maso. Anali atajambula mizati, mawindo, mitambo, angelo, mitundu yake yokongola ndithu, koma zonse zinali zopendekeka. Mizati ya mbali yathu inkagwera kwa abambo. Mawindo anali okhota. Angelo ena miyendo yaitali, ena mitu yaphwatalala. Wina kumbuyo ananena mokweza kuti mizati yamwa kachasu, ndiye tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko. Ine ndinaseka mpaka misozi, sindingabise. Ba Anselimo anali ataima pakhomo, atavala jekete lawo limodzi lija. Anatiyang'ana tonse, osatsinzina diso ulendo uno, n'kukakhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni. Sanafotokoze kanthu tsiku limenelo, ndipo panapita zaka asanafotokoze.

Mkangano wa ine ndi iwo unali wa polishi. Ine ndinali mtsogoleri wa amayi osesa m'tchalitchi Loweruka. Pansi pathu panali pa simenti yofiira, ndipo ulemu wathu amayi unali pamenepo: tinkagwada ndi tinsanza kuyambira kuguwa mpaka pakhomo, kupaka polishi wofiira, kupukuta mpaka munthu adziwone nkhope. Loweruka lina ndinapeza pakati pa kanjira pali kabwalo koyera, kukula kwake ngati mbale. Ndinati penti yatayika, ndinapala ndi mpeni n'kupakapo polishi. Sabata yotsatira kabwalo kaja kabwerera, pamalo omwewo. Ndinapalanso. Kachitatu ndinawalondola kwawo, kansanza kali m'manja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati ndisamafafanize, ndi pofunika. Nditafunsa kuti pofunika chiyani, anati amene ali ndi maso adzadziwa yekha. Asa! Mtima unandipsa. Ndinawauza kuti denga analiwononga kale, pansi atisiyire ife.

Tinalimbana choncho zaka, iwo kupaka, ine kupala, osapatsana moni wabwino. Atatopa ndi penti anakhoma msomali wa simenti pamalopo, mutu wake wokha n'kumaonekera. Kuuzula sindinathe. Unkandikolera kansanza Loweruka lililonse, ndipo Loweruka lililonse ndinkautukwana chamumtima m'nyumba ya Mulungu, kenako n'kuukwirira ndi polishi wambiri kuti usaoneke.

Chifukwa chake ndinadzachimva mochedwa, ndiponso mosafuna. Maria wa malemu amayi anga anagwa pashelefu n'kuduka khosi, ndipo wokonza wina kunalibe. Ndinapita kwa Ba Anselimo nditameza malovu. Za polishi sanazitchule. Anandipatsa kampando, n'kuyamba kumuyang'ana wodwala wawo. Pakhoma la kachipindako panali chithunzi chimodzi chofwifwa, cha mkati mwa tchalitchi chimene sindinaonepo chofanana nacho, chodzaza ndi zosemasema mpaka maso kusowa popumira. Pofuna kuthetsa zii, ndinafunsa kuti n'kuti kumeneko. Anatenga kampeni kawo kogwirira ntchito. Kenako anayamba kukamba, maso ali pa khosi la Maria, ndipo sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali choncho.

Asanakwatire ankagwira ntchito kunyumba ya masisitere kwawo, kupaka laimu ndi kukonza zitseko. Kunali sisitere wina wokalamba wochokera kutsidya kwa nyanja, dzina lake Benedeta, amene anawapeza akujambula ndi khala kuseri kwa khitchini. M'malo mowakalipira anakatenga chithunzi chija. Chinali cha tchalitchi cha nyumba imene iye analowera usisitere, chomangidwa zaka mazana angapo zapitazo. Kamangidwe kake, ati, amakatcha baroko. Nthawi imeneyo anthu ambiri kumeneko sankadziwa kuwerenga, ndipo ena anali kutuluka mu mpingo, choncho akuluakulu anaganiza kuti munthu akalowa m'tchalitchi asamangouzidwa za kumwamba, azikuona ndi maso ake. N'chifukwa chake sanasiye khoma lopanda kanthu. Mizati anaipota ngati chingwe. Pa guwa anamatapo masamba a golide. Anasema miyala kuti izioneka ngati nsalu youluzika ndi mphepo, tiangelo tonenepa titakangamira paliponse, ndipo mawindo ena anawabisa kuti kuwala kuzingogwera pa nkhope ya woyera osadziwika kumene kwachokera.

Tchalitchicho poyamba chinali ndi denga lenileni lobulungira, lokwera m'mwamba ngati uli mkati mwa mtsuko wovundikira. Chivomezi chinaligwetsa. Masisitere anaopa kumanganso cholemera chotero, anangoyala mabolodi afulati n'kuitana wojambula. Wojambulayo analijambula denga lakale lija pa mabolodiwo, mizati yake, mawindo ake, mochenjera kwambiri moti munthu amalumbira kuti ndi lenileni. Koma zimatheka ukaima pamalo amodzi okha. Pamalopo anaikapo mwala woyera. Ukasuntha masitepe atatu, zonse zimakhota.

Apa Ba Anselimo anaika pansi kampeni kawo. Anati masisitere a nyumba imeneyo anali otsekeredwa, sankasakanikirana ndi anthu. Misa ankaimvera m'chipinda chapamwamba, cha m'mbali, kuseri kwa zitsulo zolukana. Sisitere Benedeta anakhala kumeneko zaka zambiri, tsiku lililonse kuyang'ana denga lokhota, kumva alendo pansi akudabwa ndi chinthu chimene iye sankachiona. Tsiku lonyamuka kubwera kuno ndi pamene anamutulutsira pakhomo lalikulu la tchalitchi. Ali ndi sutikesi m'manja, anaponda mwala uja, n'kukweza maso. Kamodzi komweko. Kwawo sanabwererenso, manda ake ali kuno. Zonse za zingwe ndi nyali anawajambulira Ba Anselimo papepala, poti anali atazifunsa kwa odziwa. Iwo tchalitchicho sanachionepo kupatula pachithunzi chija, anangochimva m'kamwa mwa nkhalamba ija, n'kuchisunga mumtima zaka zonsezo mpaka atapeza denga loti ajambulepo.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanatiuze tsiku loyamba lija. Anati sisitereyo palibe anamugwira dzanja, mwala unamuimitsa wokha. Kenako anawonjeza, mawu atatsika, kuti anthu amene akuseka sungawagwadire. Pondiperekeza anati tsiku lina ndidzaime pa msomaliwo ndiyang'ane, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukuganiza kuti ndinakaima? Iyayi. Kumva ndinamva, ndipo nkhani ya sisitereyo inandikhudza, koma mtima wanga unali utauma kale. Ndinadziuza kuti zimenezo n'za kwa azungu, kuno mkuluyu analakwitsa chabe, akufuna pobisala. Komanso taganizani, ine mtsogoleri, amene ndinatchuka ndi kupala kabwalo kaja, amayi anzanga andipeze ndaima pakati pa tchalitchi kukamwa kuli yasa, maso kudenga? Akanandiseka mpaka kumsika. Ndipo si ine ndekha. Ife tinaphunzitsidwa kuyambira ku katekisimu kuti m'kanjira ka pakati munthu amayenda manja ali pamodzi, maso pansi, kugwada, n'kulowa m'benchi. Kuima pamenepo n'kumayang'anayang'ana ndi mwano. Pakati pa sabata tchalitchi chimakhala chokhoma. Loweruka timakhalamo ife, chogwada, maso pa simenti. Choncho anthu mazanamazana ankauponda msomali uja Lamulungu lililonse, onse ataweramitsa mutu monga anawaphunzitsira. Pamene Ba Anselimo anayamba kufewa n'kumakoka uyu ndi uyu potuluka kuti akaime pa msomali, anali atadziwika kale kuti mutu suyenda bwino. Munthu ankangoima chapafupi, kuponya diso, n'kunena kuti eee, vili bwino, kuti amusiye apite.

Kenako malata anayamba kudontha. Mvula ya zaka zingapo inafufumitsa mabolodi, ena n'kuyamba kulendewera. Lamulungu lina, pa zolengeza, ba cheyamani anati komiti yagwirizana kuchotsa mabolodi onse n'kuika denga loyera la pulasitiki, ngati la matchalitchi a m'tauni. Anthu anawomba m'manja, amayi n'kululutira.

Lamulungu lotsatira linali la gawo lathu kupereka mphatso. Amene mumadziwa Misa ya m'komboni mukudziwa mmene timachitira: ng'oma zikulira, kwaya ikuimba, amayi tandanda m'kanjira titavala zitenje zofanana, tikuvina pang'onopang'ono kupita kuguwa, mphatso zili pamutu. Wina kabichi, wina thumba la makala, wina ufa. Ine ndinali patsogolo, nditasenza mathireyi awiri a mazira. Titafika pakati, Ba Anselimo anatuluka m'benchi n'kuima kutsogolo kwanga. Mzere wonse unaima. Anandigwira pamkono n'kundikokera kutsogolo sitepe imodzi.

"Bana Dalitso, apa pamene. Yang'anani kumwamba. Kamodzi chabe, napapata."

Mkulu amene ankati sagwadira anthu oseka anali kundipempha pamaso pa mpingo wonse. Koma anaiwala chinthu chimene mkazi aliyense amachidziwa: wosenza katundu sayang'ana kumwamba. Ndikanangopendeketsa khosi, mazira onse aja akanathera pa simenti yanga yomwe. Ng'oma zinali zitayamba kusokonekera, maso onse ali pa ine, bambo mfumu akudikira kuguwa manja ali tambalale. Ndinalankhula mano ali pamodzi.

"Bashikulu, nisiyeni. Simuona vamene nanyamula?"

Akanati atule mathireyiwo, kapena ine ndikanati gwirani ndiyang'ane, inali ntchito ya kamphindi. Palibe anaganiza zimenezo, ine kapena iwo. Ndinakutumula mkono wanga. Abambo awiri oyang'anira bata anabwera n'kuwagwira uku ndi uku, kuwatulutsa mwaulemu ndithu, akuwanong'oneza ngati mwana. Ng'oma zinayambiranso. Ndinafika kuguwa dzira ngakhale limodzi losasweka, ndipo amayi anandiyamikira potuluka kuti ndalimba mtima.

Kuyambira tsiku limenelo sanalowenso m'tchalitchi. Palibe anawaletsa. Ankabwera ndi kampando kawo n'kukhala panja, pansi pa windo lachitatu la mbali ya abambo, kumvera Misa kuchokera pamenepo, dzuwa kapena mvula. Nthawi ya Ukalistia bambo mfumu ankachita kuwatulukira. Zinthu za komiti mukuzidziwa, kuchotsa denga kuja kunachedwa zaka ziwiri, ndipo m'zaka zimenezo maso awo anachita ng'ala mpaka kuzimiratu. Oyera olumala anasiya kubwera. Ankayenda ndi ndodo, kutsata mipanda, akudziwa ngalande iliyonse ya m'njira ndi mapazi. Ukawapatsa moni ankatsinzinabe diso limodzi, ngakhale onse awiri anali osaona. Nthawi zina ankafunsa odutsa ngati denga likadalipo, ndipo akamva kuti lilipo ankati ndiye bwino, wina adzaima.

Amisiri anabwera Loweruka lina m'mawa, nyengo yozizira. Ife amayi tinaitanidwa kudzatulutsa mabenchi ndi kusesa zinyalala. Anzanga anali panja kupukuta mabenchi, ine ndekha ndili mkati ndi tsache, nditavula nsapato. Ndikusesa chobwerera m'mbuyo, chidendene changa chinaponda mutu wa msomali uja. Ndinaima, ululu utandilasa, mawu oipa ali kale pamlomo. Nthawi yomweyo mmisiri wina pamwamba anafuula kuti mayo chenjerani, bolodi likubwera. Ndinakweza maso.

Mayo ine. Denga lija kunalibe, ndikutanthauza lafulati lija limene ndinalidziwa zaka zonsezi. Mizati yonse inali itaima chilili, yowongoka, ikukwera, pamwamba pake pali mizati ina, pamwambanso mawindo ozungulira, kuwala kukulowa. Tchalitchi chathu chachifupi chija chinatalika mpaka chizungulire chinandigwira, ndinachita kutsamira tsache. Angelo a miyendo yaitali aja anali ana onenepa bwino, atakhala m'mphepete, wina phazi lili lende ngati mwana wokhala pa khoma la mpanda, akundiyang'ana ine. Mitambo inkaoneka kuti ili kutali, kuseri kwa mawindo. Palibe chimene chinali chokhota, ngakhale chimodzi. Koma pamwamba penipeni, pamene zonsezo zinkalozera, panali chibowo chakuda, malata adzimbiri akuonekera. Bolodi la pamenepo ndi limene anayamba kuchotsa, chifukwa linali ndi banga lalitali lofiirira limene tonse tinkati ndi mvula yaoletsa.

Sindinaitane munthu. Ndimadzifunsa mpaka lero. Amayi anali panja pomwepo, ndikanafuula akanabwera. Koma kunena zoona, manyazi anali akadali nane ngakhale pamenepo. Ndinangoima, misozi ikutsika, amisiri akuzula bolodi lina, kenako lina. Anali ofumbwa, ankangofika pansi n'kuphwanyika. Pofika masana zonse zinali mulu panja, ndipo pofika madzulo anthu anali atatola, ena kukasonkhera moto, ena kukatchingira makola a nkhuku.

Tinapangana kuti Ba Anselimo tisawauze, poti sakuona, tiwasiye ndi mtendere wawo. Pangano limenelo linandimanga ine kuposa ena onse. Ndinkafunitsitsa kukawauza kuti ndaona, koma ndinkadziwa yankho lawo: akanati thamangani mukaitane ena, mukaitane bambo mfumu, aime nawonso. Ndiye ndikanati chiyani? Kawiri konse ndinapita kwawo ndi tomato ndi kapenta, n'kubwerako nditangokamba za kuzizira ndi za madzi ovuta pampopi. Ndinkati ndi chifundo. Mwina chinali chifundo, mwina anali mantha.

Patapita miyezi, Lamulungu lina Misa itatha, anthu atabalalika, ndinadutsa pa windo lawo lija. Anandizindikira ndi mayendedwe, anandiitana. Anati nyimbo zinasintha kalekale, masiku ano mawu a kwaya amagunda pamwamba n'kubwerera ouma, ndipo ng'oma zimalira ngati zili m'chidebe. Anati akudziwa kuti anachotsa, anadziwa Lamulungu loyamba lomwe, sitinafunike kuvutika n'kubisa. Ndinavomera. Ndinagwada pambali pa kampando kawo, pafumbi pomwepo, n'kuwauza zonse: za tsache, za msomali, za mizati yowongoka, za mngelo wa phazi lolendewera. Ndinalankhula mofulumira ngati mwana wothawa kukwapulidwa. Anamvetsera mutu uli chopendekeka. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Pamwamba penipeni, pakati, munaona chani?"

Ndinati bolodi la pamenepo anali atachotsa kale, lija linali ndi banga la mvula.

"Sinali mvula," anatero. "Chija chimaoneka chabe ngati waima pa msomali."

Kenako anafufuza dzanja langa n'kulisisita, chinthu chimene sanachitepo. Anati mizati ndi angelo munthu aliyense angathe kuzikamba, poti nkhani ya sisitere anandiuza okha. Anati ndili ndi mtima wabwino kuposa mmene ankaganizira, ndipo Mulungu andidalitse pofuna kusangalatsa nkhalamba yosaona. Ndinalumbira, ndinatchula malemu amayi anga, ndinalira. Iwo ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono, mwaulemu, monga mmene ife tinkachitira akatikoka potuluka. Ndinawapempha kuti andiuzeko chimene chinali pamwambapo. Anati chosaona ndi maso, kuchimva n'kungotaya nthawi, ndipo chinthu chimene munthu waona yekha, popanda mboni, n'chimodzimodzi maloto. Anatenga ndodo ndi kampando n'kuyamba kutsata mpanda.

Anamwalira mvula isanayambe, m'kachipinda kawo, eni nyumba ndiwo anawapeza m'mawa. Mwana wawo atabwera kumaliro ndinamutengera pambali n'kumufunsa ngati bambo ake anamuuzapo chimene anajambula pakati pa denga. Anandiyang'ana modabwa. Sankadziwa n'komwe kuti anajambulapo denga.

Tchalitchi chathu tsopano n'choyera mbee. Denga ndi lafulati, losalala, lili ndi mababu aatali ndi mafani anayi, ndipo anthu masiku ano amayang'ana kumwamba kawirikawiri, kuona ngati mafaniwo akuzungulira. Pansi anaika matailosi, polishi tinasiya, timangokolopa choimirira, ntchito imatha msanga. Ndikawauza amayi anzanga zimene ndinaona tsiku lija, amati eee, Bana Dalitso, vinali bwino, n'kupitiriza kufinya mopu. Akapita ndimatsala kuti ndikhome, ndipo ndisanakhome ndimazungulira kunja kukatseka mawindo. Pansi pa windo lachitatu dothi likadali lolimba, losamera udzu, ndipo pakhoma pali mthunzi wakuda wa pamene msana wawo unkatsamira. Ba cheyamani anena kuti mwezi wamawa apaka laimu kunja konse.